Tiziphikira tokha agalu athu, koma osati ndi madeya achuku

Pa ziweto zonse zomwe timasunga m'dziko muno, galu ndiye amene timamudalira kwambiri usiku, komanso ndi yemweyo amene timamudyetsa moipa kuposa zinzake zonse. Nkhuku timazigulira chakudya cha m'thumba, ng'ombe ya mkaka timaidulira nsenjere, nkhumba timaiphikira, koma galu timangomukhuthulira zomwe aliyense pakhomo wazikana: mkute wa dzana, mafupa a nkhuku, msuzi wosasa ndi phala la madeya ogula pa chigayo popanda kufunsa komwe achokera. Mchitidwe umenewu uli ponseponse, kuyambira ku Mchesi ndi ku Kawale mpaka kuseri kwa mipanda italiitali ya ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, kumene galu mmodzi amagulidwa pa mtengo woposa wa mbuzi zingapo.

Sabata ino ndafuna kuti tikambirane za chakudya ndi tizakudya tapadera tomwe tingamapangire agalu pakhomo. Maganizo anga ndi akuti kuphikira galu tokha ndi nzeru yabwino, yotchipa ndiponso yopindulira mlimi wa m'dziko muno, koma pokhapokha ngati zomwe tikuphikazo zachokera ku mbewu zoti ifenso tingadye popanda mantha. Zimene zaipa kwa mwana wanu zaipanso kwa galu wanu, ndipo zimene zapha galu wanu zili pa ulendo wobwera m'mbale yanu.

Zomwe zidachitika mu 2024

Ena mwa awerengi akukumbukira kuti m'chaka cha 2024 agalu adafa ochuluka m'mizinda yathu. Bungwe loona za ufulu wa zinyama ku Blantyre lidanena kuti kuchokera mwezi wa April chakacho agalu pafupifupi 450 adafa, ndipo ambiri mwa iwo ankadyetsedwa nsima ya madeya. Mu August chaka chomwecho nduna ya zaumoyo ya dziko la Zambia, a Elijah Muchima, idalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa m'mwezi umodzi wokha atadya chimanga choipa. Akuluakulu a boma kumeneko atayeza ufa ndi chimanga zomwe adatapa m'makampani ogaya, pafupifupi theka la zoyezedwa 25 lidapezeka ndi poizoni wopyola muyeso.

Poizoni ameneyu ndi wa chuku, amene akatswiri amamutcha aflatoxin. Amapangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, imene imakhala m'dothi ndipo imalowa m'chimanga ndi mu mtedza makamaka mbewu zikavutika ndi ng'amba, zikabooledwa ndi tizilombo kapena zikasungidwa zisanaume bwino. Si zodabwitsa tsono kuti vutoli lidakula mu 2024. Imeneyo idali nyengo ya El Niño, pamene mvula idadula pakati mbewu zili m'munda, mpaka mu March boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala. Chimanga chochepa chomwe chidapulumuka chidali chofooka, ndipo poti chakudya chidasowa, palibe amene ankataya ngakhale chowola.

Nkhani ya chuku si yachilendo. Dziko lapansi lidamudziwa poizoniyu mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2011 agalu oposa 200 adafa m'chigawo cha Gauteng ku South Africa chifukwa cha chakudya cha m'matumba chomwe mudali chuku. Ndipo mu 2004 ku Kenya, anthu 317 adadwala ndipo 125 adamwalira atadya chimanga chawo chomwe, chimene adakolola ndi kusunga chili chachinyontho. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chifukwa chiyani madeya

Alimi anzanga, tiyeni tione bwino chomwe chimachitika pa chigayo. Nkhungu ya chuku imakonda kukhala ku khungu la njere ya chimanga ndi ku kamtima kake, ndiponso m'njere zosweka ndi zofumbwa. Tikakonola chimanga, zimenezi ndizo zimachoka n'kupita ku madeya, amene ena amati gaga. Kafukufuku wa akatswiri athu a m'dziko momwe muno adaonetsa kuti kusankha chimanga, kukonola, kuviika mphale ndi kuitsuka kumachotsa gawo lalikulu la poizoni mu ufa woyera. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa wodya ufa woyera, koma poizoni wochokayo sauluka. Amatsala m'madeya.

Tsono madeya ogulitsidwa pa chigayo kapena mu msika sachokera kwa munthu mmodzi. Mwini chigayo amasonkhanitsa a anthu makumimakumi, a chimanga chabwino ndi a chimanga chowola pamodzi. Kawirikawiri chimanga chimawazidwa madzi chisanakonoledwe, kotero madeya amatuluka a chinyontho, ndipo akaikidwa m'thumba asanayanikidwe nkhungu imapitiriza kumera m'thumba momwemo. Thumba limenelo ndilo limakwera njinga kupita ku Area 9 kapena ku Area 3 kukadyetsa galu mwezi wathunthu.

Pali zinthu zitatu zomwe aliyense woweta galu ayenera kudziwa. Choyamba, moto supha poizoni wa chuku. Mungaphike phalalo mpaka nkhuni kutha, nkhungu idzafa koma poizoni wake adzatsala. Chachiwiri, poizoniyu saoneka ndi maso nthawi zonse ndipo alibe fungo lake. Madeya ooneka bwino akhoza kukhala naye. Chachitatu, muyeso wake woopsa ndi wochepa zedi. Ku America lamulo sililola kuti chakudya cha galu chipyole magawo 20 pa biliyoni imodzi. Kuti timvetse, kumeneko kuli ngati kulemera kwa kanjere kamodzi ka mpunga m'matumba 20 a makilogalamu 50. Galu ali m'gulu la nyama zomwe chiwindi chake sichichedwa kugonja kwa poizoniyu.

Galu wodya chuku amayamba kukana chakudya, amafooka, amasanza, maso ndi nkhama zimasanduka zachikasu, ndipo pamapeto pake amachita chimbudzi chakuda kapena cha magazi. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kuganiza kuti mbava zamuthirira tameki, kapena kuti woyandikana naye nyumba wachita chipongwe. Maubale ena adasokonekera chifukwa cha thumba la madeya. Mankhwala ochotsa poizoniyu m'thupi kulibe. Dokotala wa ziweto amangothandiza chiwindi kuti chilimbe ngati galu wafika naye msanga. Galu akayamba kukana phala lomwe ankadya masiku onse, musamukakamize pothiramo msuzi. Paja galu wamkota sakandira pachabe.

Nanga bwanji osangogula cha m'sitolo

Ena anena kuti njira yapafupi n'kungogula chakudya cha agalu cha m'matumba chomwe chimapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Old Town ndi ku City Centre. Amene angathe, agule, ndipo chakudya chopangidwa bwino chili ndi ubwino wake poti zonse zofunika m'thupi zimakhala zoyezedwa kale. Koma chambiri mwa icho chimachokera kunja, makamaka ku South Africa, ndipo chimagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko lino likuzisowa pogulira feteleza, mafuta ndi mankhwala a m'zipatala. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mabanja ambiri amene ankagula chakudyachi adachisiya n'kubwerera ku madeya. Komanso thumba lokongola si chitsimikizo cha ukhondo. Za ku Gauteng tanena kale, ndipo ku America komwe, kumapeto kwa 2020 ndi kuchiyambi kwa 2021, agalu oposa 100 adafa ndi chuku wa m'chakudya cha ku fakitale.

Tikayang'ana zomwe zalembedwa pa matumba amenewa tipeza chimanga, soya, zotsala za nyama ndi nsomba, mafuta ndi mchere wa m'thupi. Zonsezi zimalimidwa kapena kupezeka kuno kwathu. Bisiketi yoyamba ya agalu yogulitsa, imene James Spratt adayamba kupanga ku London cha m'ma 1860, idali ya ufa wa tirigu, masamba ndi nyama basi. Palibe chamatsenga. Ine sindiona chifukwa choti mzinda wozunguliridwa ndi minda ya soya, mtedza, mbatata ndi maungu ya ku Mitundu, Nathenje, Mpingu ndi Malingunde uzidikira galimoto yochokera ku Johannesburg kuti galu adye.

Chomwe galu amafuna

Galu si nkhumba ndipo si nkhuku. Galu wamkulu amafuna kuti pa chakudya chake chouma, magawo osachepera 18 pa 100 alionse akhale omanga thupi, ndipo mwana wa galu ndi galu woyamwitsa amafuna oposa 22. Chimanga chili ndi magawo 8 kapena 9 okha. Apa mpoonekeratu kuti nsima payokha, ngakhale ya ufa wabwino, siingakwanire. Galu wa nsima yokhayokha amakhuta koma amaonda msana, ubweya umathothoka, ndipo mphere ndi njoka za m'mimba zimamupeza mosavuta. Soya ali ndi magawo oposa 35 omanga thupi, ndipo usipa wouma uli ndi ochuluka kuposa pamenepo. Choncho phala la mgaiwa wa chimanga chosankhidwa bwino, losakaniza ndi ufa wa soya wokazinga, usipa kapena bonya, zam'kati za ng'ombe kapena mbuzi zophika, ndi masamba monga nkhwani, limamufikitsa galu pafupi ndi zomwe thupi lake likufuna. Soya ayenera kukazingidwa kapena kuphikidwa ndithu, chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa chakudya kugayika m'mimba.

Kuwonjezera pa chakudya cha tsiku ndi tsiku pali tizakudya tapadera, tomwe timapatsa galu pomuphunzitsa kapena pomuthokoza. Anthu ena amaona ngati zimenezi ndi zachizungu, koma alenje a kumudzi akhala akuchita zomwezi kuyambira kale pomwe amapatsa galu matumbo a kalulu yemwe wagwira. Galu wophunzitsidwa ndi kachakudya m'manja amamva msanga kubwera akaitanidwa, kukhala pansi ndi kusiya mlendo, kuposa galu wophunzitsidwa ndi chikoti. Galu womvera ndiye mlonda weniweni. Wongomangidwa pa tcheni ndi kumenyedwa amaluma mwana wa pakhomo pomwepo. Nazi njira zitatu zosavuta.

Yoyamba ndi mbatata youma. Tengani mbatata ya kholowa, makamaka yofiira m'kati monga Kadyaubwerere, Chipika kapena Zondeni, yopanda zilonda ndi yosafumbwa. Itsukeni, muidule m'litali mokhuthala ngati chala chaching'ono, muifutse pang'ono m'madzi owira kwa mphindi 5, kenaka muyanike pa thandala laukhondo kwa masiku 3 kapena 4 a dzuwa lamphamvu, kapena mu uvuni wa moto wochepa kwa maola atatu. Ikauma imakhala yolimba ngati chikopa ndipo galu amatha nthawi akuitafuna.

Yachiwiri ndi chiwindi kapena mapapo. Gulani ku butchala yomwe nyama yake idayezedwa, muwiritse kwa mphindi 15 kapena 20 popanda mchere, mudule tizidutswa tonga nyemba, ndipo muumitse pa moto wochepa mpaka tigwe mbee. Timeneti ndi tomwe galu amatikonda koposa, ndipo ndi tabwino pophunzitsira. Musapyoze muyeso, chifukwa chiwindi chochuluka chimatsegula m'mimba ndipo vitamini A wake akachulukitsa amaononga mafupa. Kuwiritsako n'kofunika kwambiri. Mapapo ndi chiwindi zosaphika, makamaka zokhala ndi timatumba ta madzi, zimapatsa galu njoka za m'mimba zomwe mazira ake amatha kubwerera kwa anthu ndi kwa ziweto kudzera m'chimbudzi cha galuyo.

Yachitatu ndi mabisiketi. Sakanizani makapu 2 a ufa wa mgaiwa, theka la kapu ya ufa wa soya wokazinga, theka la kapu ya usipa wokazinga ndi kusinja, kapu imodzi ya dzungu kapena mbatata yophika ndi kupota, ndi mazira 2. Musathire shuga, mchere kapena anyezi. Kandani mpaka zigwirane, mupapatize mopyapyala, mudule tizidutswa, ndipo muphike mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 25 kapena 30. Opanda uvuni, kapena magetsi akazima, aphike monga momwe timaphikira chigumu, makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro. Chinsinsi chake n'chakuti aume mpaka m'kati. Asungeni m'chitini chouma ndipo mupange okwanira sabata imodzi yokha, makamaka m'nyengo ya dzinja, chifukwa bisiketi yachinyontho imachita nkhungu ngati madeya omwe aja.

Tizakudya totere tisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chonse cha galu pa tsiku. Ku ma Area kuli agalu ena onenepa mpaka kulephera kuthamangira pa geti, ndipo kumenekonso ndi kumulakwira galu.

Palinso zakudya zina zabwino kwa ife koma zoopsa kwa galu. Anyezi ndi adyo zimaononga magazi ake, ndipo n'chifukwa chake msuzi wotsala wa ndiwo zathu si woyenera kumuthirira tsiku ndi tsiku. Chokoleti, khofi, mowa ndi masese, mphesa zaziwisi ndi zouma, zonsezi n'zoletsedwa. Mtedza wa makademiya, umene tikulima wochuluka ku Thyolo, ku Ntchisi ndi madera ena, umafooketsa miyendo ya galu. Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka n'kubaya matumbo. Chinangwa chowawa chosaviika ndi poizoni kwa galu monga momwe chilili kwa munthu. Ndipo chiponde, chimene mabuku akunja amachitama kwambiri pa mabisiketi a agalu, kuno kwathu tichisamale nacho. Mtedza wonyala, wosweka ndi wakuda umene umatsala posankha wogulitsa ndi umene kawirikawiri umapita kukasinjidwa, ndipo chuku amachuluka mwa umenewo. Ngati simudasankhe nokha mtedzawo, chisiyeni.

Anthu akugona ndi njala, inu mukukamba za agalu

Ndikudziwa kuti wina wawerenga mpaka pano akupukusa mutu. Afunsa kuti, m'dziko lomwe mabanja ambiri amadya kamodzi pa tsiku miyezi ya January ndi February, n'chifukwa chiyani tsamba la alimi likutaya malo pa mazira ndi usipa wa galu? Funsoli ndi lomveka ndipo sindikulipeputsa. Kuseri kwa mpanda wa Area 47 kuli Mtandire, ndipo pafupi ndi Area 12 pali Kauma. Mlonda kapena bambo wa m'dimba amene amaphikira galu wa bwana nthawi zambiri amachokera kumeneko, ndipo ana ake sadya dzira sabata yathunthu.

Koma yankho langa lili pomwepo. Madeya amene adapha agalu mu 2024 ndi omwewo amene anthu osauka amagula n'kugayitsa kuti apeze ufa njala ikafika povuta, monga zidachitikira mu 2002 ndi zaka zina za njala. Ndi omwewo timadyetsa nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe za mkaka, ndipo poizoni wa chuku amadutsa m'thupi la ng'ombe n'kutulukira mu mkaka. Kusiyana kwake n'kwakuti galu amafa msanga ndipo mwini wake amapita naye kwa dokotala, pamene munthu amadya pang'onopang'ono kwa zaka, chiwindi chikuonongeka mwakachetechete. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse limaika poizoniyu m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ngoziyo imakula kwambiri kwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B. Akatswiri apezanso mgwirizano pakati pa chuku ndi kupinimbira kwa ana, vuto lomwe kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti lidakhudza ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno. Agalu aja adatiuza zomwe zili m'chimanga chathu. Kunyoza uthengawo poti wabwera ndi galu ndi kudzipweteka tokha.

Winanso anena kuti galu wa kumudzi amadya chilichonse koma safa. Amafa ndithu, kungoti palibe amene amawerenga. Komanso galu wa kumudzi amayendayenda, lero wagwira mbewa, mawa watola china, choncho sadalira thumba limodzi. Galu wa mu mpanda alibe kothawira. Chomwe mwamuikira m'mbale ndicho moyo wake kapena imfa yake.

Mbali ya mlimi

Nkhondo yolimbana ndi chuku imayambira kumunda, ndipo apa ndi pomwe ife alimi tili ndi udindo komanso mwayi. Tibzale ndi mvula yoyamba kuti mbewu zikhwime chinyontho chisanathe m'nthaka, ndipo tisunge madzi m'munda ndi mizere yotseka, manyowa ndi kuphimbira. Tikolole pa nthawi yake, osasiya chimanga chitagwa pansi kapena mtedza ukuchedwa m'dothi. Tisayanike pa dothi. Tiyale mphasa, lona kapena timange thandala. Tileke mchitidwe wowaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, chifukwa madzi amenewo ndiwo amadzutsa nkhungu. Tisankhe ndi manja njere zonse zowola, zosintha mtundu ndi zofumbwa, ndipo zimenezi tizikwirire kapena kuzitentha, osati kupatsa ziweto, kuphikira mowa kapena kusinja nsinjiro.

Chimanga chiume kufika pa chinyontho cha 13 peresenti chisanalowe m'thumba. Wopanda makina oyezera atenge botolo louma bwino, athiremo chimanga kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, awonjezere masupuni awiri kapena atatu a mchere wouma, atseke, akhutchumule kwa mphindi imodzi ndi kulisiya kwa mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho sichinaume. Matumba asanjikidwe pa mitengo, osakhudza pansi kapena khoma. Matumba osalowa mpweya monga a PICS amathandiza kupha anankafumbwe popanda mankhwala, malinga chimanga chalowamo chili chouma. Palinso Aflasafe, wopangidwa ndi bungwe la IITA, amene amawazidwa m'munda mbewu zisanamasule ndipo amagwiritsa ntchito nkhungu yopanda poizoni kupitikitsa yapoizoni ija. Alangizi a zaulimi ndi akatswiri a ku Chitedze angathe kufotokoza zambiri.

Zimenezi si za agalu okha. Dziko lino lidali kugulitsa mtedza wambiri wa Chalimbana ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970, ndipo chimodzi mwa zomwe zidatitayitsa msika umenewo ndi chuku, poti maiko a kumeneko salola kupyola magawo 4 pa biliyoni mu mtedza wodya anthu. Mlimi amene waphunzira kuumitsa ndi kusankha bwino wapeza makiyi a misika yonse, wa kunja ndi wa pakhomo pomwe.

Ndipo msika wa pakhomowo ulipo. M'nyumba za ku ma Area, m'makampani a alonda ndi kwa oweta agalu ogulitsa muli anthu amene adataya agalu a mtengo wapatali ndipo ali okonzeka kulipira bwino kuti apeze ufa wa mgaiwa, soya wokazinga ndi mbatata youma zomwe akudziwa komwe zachokera. Kalabu ya alimi kapena gulu la amayi lomwe lingamasankhe chimanga chake, kukayezetsa, kugaya, kusakaniza ndi kulongedza bwino likhoza kupeza makasitomala okhazikika chaka chonse. Mbatata yomwe imatsika mtengo nthawi yokolola mpaka kuwolera pa msika ikhoza kuumitsidwa n'kugulitsidwa mu October. Koma malonda otere amafuna chilungamo. Wosakaniza chimanga chowola kuti thumba lidzaze adzapha galu mmodzi ndi msika wa anzake onse.

Pempho langa

Kwa eni agalu ndikuti, lowani ku khitchini ya kuseri muone zomwe galu wanu akudya. Musangopereka ndalama yochepa kwa wantchito n'kumuuza kuti akagule madeya, kenaka galu akafa n'kumuloza chala. Gulani chimanga chathunthu choti muchione ndi maso, musankhe, mukagayitse nokha. Ngati simungapewe madeya, akhale a chimanga chanu chomwe, ndipo ayanikidwe tsiku lomwelo. Yemwe sangathe kudyetsa agalu anayi asunge mmodzi. Ndipo poti mwayamba kusankha chimanga cha galu, onetsetsani kuti wantchito wanu ndi ana ake sakudya choipa kuposa cha galuyo. Musaiwalenso katemera wa chiwewe chaka ndi chaka, amene amapezeka kwa alangizi a ziweto a boma ndi ku bungwe la LSPCA mu mzinda muno, pakuti chakudya chabwino sichiteteza ku chiwewe.

Kwa a nthambi ya boma yoona za ziweto ndi a bungwe loona za miyezo la MBS ndikuti, madeya ndi malonda aakulu m'mizinda yathu ndipo akuyenera kuyang'aniridwa monga ufa. Aziyezedwa m'zigayo ndi m'misika, makamaka chaka cha ng'amba, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa pa wailesi m'chilankhulo chomwe mlimi ndi mayi wa pakhomo angamve. Madokotala a ziweto akaona agalu achikasu akuchuluka, uthenga uzifika ku unduna wa zaumoyo sabata yomweyo, chifukwa kumene agalu ayamba kugwa, anthu akudya chimanga chomwecho.

Kwa eni zigayo ndikuti, yanikani madeya musanawaike m'matumba, ndipo a chimanga chowola musawasakanize ndi abwino. Kwa alimi anzanga, ng'amba idzabweranso, pakuti El Niño sadatsanzike. Tiyambe chaka chino kuumitsa, kusankha ndi kusunga mbewu zathu mwa njira yoti tingadyetse mwana, nkhuku ndi galu kuchokera mu nkhokwe imodzi popanda kuopa.